Omira pa Nyanja Nawonso Ayenera Malo m'Mbiri ya Dziko

Munthu wa ntchito ya Boma amene amachoka ku Area 18 kapena ku Area 47 m'mamawa kupita ku Capital Hill amaona zikumbutso ziwiri zazikulu asanakhale pa mpando wake. China ndi nsanja yaitali yokumbukira asilikali amene anafera ku nkhondo. China ndi chiliza cha Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 2006. Wochokera ku Old Town nayenso amadutsa pa nyumba zakale za Boma, zimene zinamangidwa Lilongwe akali kamudzi ka Bwana D.C. ndi masitolo owerengeka. Zonsezi zili poyera, ndipo nkwapafupi kuzisamala, popeza maso a akuluakulu amagwerapo tsiku ndi tsiku.

Koma alipo akufa ena amene zikumbutso zawo zili kutali ndi maso a likulu. Amenewa ndi anthu amene anamira pa Nyanja ya Malawi. Nyanjayo ili pa mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera mu Lilongwe, ndipo mkokomo wa mafunde ake sumveka ku City Centre. Komabe mapepala onena za chimene chiyenera kutetezedwa ndi chimene chingalekedwe kuti chigwe amasainidwa mu Lilongwe momwemo. Chifukwa cha ichi, nkhani ya miyala ya chikumbutso cha omira si ya asodzi a ku Nkhotakota kapena akhristu a ku Chitimba okha ayi. Ili pa desiki la kalaliki wa ku unduna, ndiponso ili pa bolodi la mphunzitsi.

MANDA A M'TCHALITCHI KU NKHOTAKOTA

Chikumbutso chodziwika kwambiri cha munthu womira pa nyanjayi chili m'manja mwa mpingo. Chauncy Maples, mmishonale wa U.M.C.A., anabadwa m'chaka cha 1852, nafika ku Zanzibar mu 1876. Atagwira ntchito zaka zambiri ku Masasi, ku Newala ndi pa chilumba cha Likoma, anadzozedwa kukhala Bishopu wa Likoma m'tchalitchi chachikulu cha St Paul's ku London pa 29 June, 1895. Sanakhale nthawi kwawo. Anabwerera msanga, nakwera bwato lachitsulo loyenda ndi matanga lotchedwa Sherriff, pamodzi ndi mnzake Joseph Williams, kulinga ku Likoma. Pa 2 September chaka chomwecho namondwe anawapeza kufupi ndi gombe la dera la Salima. Bwato linagubuduzika; amalinyero anapulumuka posambira, koma Bishopu ndi Williams anamira. Ubishopu wake sunakwane ndi miyezi itatu yomwe.

Mtembo wa Bishopu utapezeka anakauika ku Nkhotakota, kumene mishoni inali itangoyamba kumene, ndipo manda ake ali pa tchalitchi cha All Saints. Mu 1901 sitima yotchedwa dzina lake inayamba kuyenda pa nyanja, ninyamula odwala, aphunzitsi ndi ana a sukulu kwa zaka zambiri.

Chofunika kuchizindikira pamenepa ndi ichi: papita zaka zoposa 130, koma tsiku, malo ndi dzina zikudziwikabe bwino lomwe. Chifukwa chake nchakuti panali anthu amene analemba, panali mwala umene unazokotedwa, ndipo panali mpingo umene unkasesa pamalopo mbadwo ndi mbadwo. Chikumbukiro cha munthu chimatha msanga ngati palibe pochimangirira. Mpingo wa Anglican uyenera kuyamikidwa pa ntchito imeneyi, pakuti unasunga mbiri ya dziko lino pa nthawi imene kunalibe lamulo lililonse louuza kutero.

TSOKA LA VIPYA

Patapita zaka 51 nyanja inachita zoopsa zoposa pamenepo. Sitima ya Vipya, ya kampani ya Nyasaland Railways, inapangidwa ku Scotland, nibwera kuno zidutswazidutswa, niilumikiza m'mbali mwa nyanja. Inali yatsopano, ndipo anthu anali kuinyadira. Pa 30 July, 1946, ili pa ulendo wake wachinayi, inachoka ku Mbamba Bay, tsidya la Tanganyika, itanyamula anthu 194. Inali nyengo ya mwera, mphepo ija ya kumwera imene imaomba m'miyezi yachisanu ndi kuutsa mafunde aakulu chakumpoto, kumene nyanja ili yakuya koposa. Ikuyandikira Florence Bay, pamene lero pamatchedwa Chitimba, kumunsi kwa phiri la Livingstonia, sitimayo inapendekeka, nigubuduzika, nimira. Anthu 145 anafa. Opulumuka anali 49 okha. Woyendetsa sitimayo, Kaputeni Farquharson, anamira nayo pamodzi.

Pambuyo pake panali kufufuza ndi kutsutsana kwambiri. Ena anaimba mlandu woyendetsa chifukwa chopitiriza ulendo pa mphepo yotere. Ena anati chombocho chinali cholemera kumwamba kuyambira pa mapangidwe ake. Sitima ya Ilala, imene inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949 niyamba ntchito mu 1951, ndiyo inalowa m'malo mwake, ndipo yatumikira anthu a m'mbali mwa nyanja zaka zoposa 70. Aliyense wokwera Ilala akukwera chombo chimene chinabwera pambuyo pa maliro a Vipya, ngakhale ambiri sadziwa zimenezi.

Tsono chikumbutso cha anthu 145 amenewa chili kuti? Chili ku Mangochi, kumene kale kunkatchedwa Fort Johnston, pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Pamenepo pali nsanja ya wotchi imene inamangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria atamwalira mu 1901. Pambali pake pali mfuti yaikulu ya m'sitima ya Guendolen, sitima imene mu August 1914 inaononga sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ku Sphinxhafen. Pomwepo palinso chikumbutso chaching'ono cha omira a m'Vipya. Nkwabwino kuti chilipo, ndipo amene anachiika anachita zaulemu. Koma kuchokera ku Mangochi kukafika ku Chitimba pa msewu ndi makilomita oposa 500. Mwana wa ku Chitimba, amene amasamba m'madzi omwewo amene anameza Vipya, angathe kukula mpaka kukalamba osachiona.

Apa ndi pamene pali kusiyana kumene munthu woganiza sangakulambalale. Bishopu mmodzi ali ndi manda, tchalitchi ndi sitima ya dzina lake. Anthu 145 amadziwika ndi chiwerengero. Munali amalinyero, ophika, ndi apaulendo opita kwawo; aliyense anali ndi dzina, mfunda ndi mudzi, ndipo aliyense analiridwa pakhomo pena. Ndi angati lero mwa ophunzira a dziko lino amene angatchule maina asanu okha mwa iwo? Ulemu umene Bishopu Maples analandira ngwoyenera, ndipo palibe wofuna kuuchepetsa. Chofunika nchakuti ulemu womwewo ufikirenso enawa.

ZIMENE LAMULO LIMANENA

Boma la Malawi silinagone pa nkhani yosunga zakale. Patangopita chaka chimodzi dziko litalandira ufulu, mu 1965, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Monuments Act, ndipo mu 1967 kunabadwa Dipatimenti ya Antiquities. Lamulo limenelo linalowedwa m'malo ndi la Monuments and Relics Act la 1990, ndipo ntchitoyi tsopano ili m'manja mwa Dipatimenti ya Museums and Monuments. Pansi pa malamulo amenewa patetezedwa malo ambiri: nsanja ya ku Mangochi ija, manda a amishonale oyamba a Livingstonia ku Cape Maclear, mtengo wa ku Nkhotakota umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, ndi ena otere.

Lamulo la 1990 nlotambasuka ndithu. Pofotokoza zinthu zimene zingatetezedwe, limatchula nyumba, zipilala, zikumbutso, manda, malo oikamo akufa ndiponso malembo ozokotedwa. Nduna ili ndi mphamvu yolengeza kuti chinthu chakutichakuti nchotetezedwa, italangizidwa ndi bungwe la alangizi limene lamulolo linakhazikitsa. Ndipo chikalengezedwa, munthu sangachigumule, kuchisuntha kapena kuchisintha popanda chilolezo. Chotero palibe chifukwa chodikira lamulo latsopano. Khasu lilipo kale. Chatsala ndi kulowa m'munda.

Nawo maiko a dziko lapansi amaona nkhaniyi chimodzimodzi. Pangano la UNESCO la 2001 limawerengera chombo chimene chakhala pansi pa madzi zaka 100 kukhala chuma cha mbiri choyenera kutetezedwa. Vipya adzakwanitsa zaka zimenezo mu 2046. Kwa ambiri mwa omirawo chombocho ndicho bokosi lawo, ndipo nyanja ndiyo manda awo. Nkoyenera kuti malowo aziwerengedwa monga manda kuyambira tsopano, osadikira kuti tsiku lina kubwere anthu ndi makina ofuna kukatolako zitsulo.

MAU A OTSUTSA

Alipo anthu anzeru amene sagwirizana ndi maganizo awa, ndipo mau awo ayenera kumvedwa.

Oyamba amati zikumbutso zimenezi nza atsamunda: nsanja ya Mfumukazi ya ku England, mfuti ya nkhondo ya Azungu, manda a Bishopu wa ku London. Amafunsa kuti dziko lodzilamulira liwonongerenji ndalama pa zimenezo. Yankho lake lili m'sitima ya Vipya momwemo. Unyinji wa amene anamira anali anthu akuda, eni nyanja, a tsidya lino ndi a tsidya lija. Kuleka chikumbutso chawo kuti chifufutike chifukwa chakuti chinaikidwa pa nthawi ya atsamunda ndiko kulanga mwana chifukwa cha mlendo amene anamanga nyumba. Ufulu umapatsa dziko mphamvu yomaliza mbiri imene atsamunda anailemba mwatheka, ndi kuonjezapo maina amene akusowa.

Achiwiri amati ndalama nzochepa, ndipo zipatala ndi sukulu zili patsogolo. Zimenezi nzoona, ndipo palibe angatsutse. Koma ntchito imene ikunenedwa pano si yomanga nsanja ina yofanana ndi ya ku City Centre. Kulemba malo m'kaundula kumafuna pepala ndi munthu wakhama. Kujambula mwala, kukopera malembo ake asanafufutike, kulambula udzu, kumata simenti pamene pang'aluka, ndi kuika chikwangwani cha m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chitonga kapena m'Chiyao, zonsezi mtengo wake sufika pa mtengo wa msonkhano umodzi wa masiku atatu ku hotela ya kunyanja. Chimene chimadya ndalama zambiri ndi kuchedwa, pakuti mng'alu wa chala chimodzi ukalekedwa dzinja zisanu umagwetsa khoma.

Achitatu amanena za mwambo. Amati kwa Achewa ndi mitundu ina kumanda si kosewerera. Munthu salowako wamba popanda chilolezo cha mfumu, ndipo kusandutsa manda kukhala malo oonerera alendo nkulaula. Mau amenewa ngolemera. Koma mwambo womwewo ndiwo umalamula kuti wakufa amangiridwe chiliza, ndi kuti abale asonkhane pomukumbukira. M'madera ena, munthu akamira mtembo wake osapezeka, abale amaika thunthu la nthochi m'manda, kuti pakhale malo olozapo ndi kuti mitima ikhale pansi. Makolo anadziwa kale kuti maliro opanda manda satha. Mwala wa chikumbutso cha omira ukuchita ntchito yomweyo ya thunthu la nthochi, koma m'malo mwa mtundu wonse.

Achinayi ndi a mipingo, amene amaopa kuti Boma likalengeza kuti manda a pa tchalitchi ngotetezedwa ndiye kuti lalanda malowo. Mantha amenewa angathe ngati akuluakulu a Dipatimenti atakhala pansi ndi mabishopu, abusa ndi akulu a mpingo nkufotokozerana. Cholinga cha kuteteza nchakuti pasadzapezeke komiti ya zomangamanga imene, pofuna kukuza tchalitchi kapena kumanga holo, idzazule mwala wakale nkuuponya kuseri. Mpingo upitirize kupemphera ndi kusesa monga kale. Boma libweretse luso la kasungidwe ndi chitetezo cha lamulo. Mutu umodzi susenza denga.

MWALA UMACHENJEZA AMOYO

Wina angayese kuti zonsezi nza akufa okha. Iai. Nyanja ndi mitsinje sizinaleke kumeza anthu mu 1946. Mu June 2012 anthu oposa 40 ochokera ku Ethiopia anamira m'boma la Karonga bwato lawo litagubuduzika, naikidwa kutali ndi kwawo. Mu April 2017, pa nyengo ya Pasaka, bwato lodzaza ndi anthu ochokera ku mapemphero linagubuduzika kufupi ndi Mlowe m'boma la Rumphi. Mu 2023 kunachitika ngozi ziwiri zotsatana: ina pa mtsinje wa Rusa ku Mchinji, pamene anthu anali pa ulendo wa kumaliro, ndi ina pa Shire ku Nsanje, pamene mvuu inagunda bwato. Pa ngozi iliyonse dziko limalira sabata imodzi, nyuzipepala zimalemba, akuluakulu amakapepesa. Kenaka udzu umamera, ndipo bwato lina limanyamuka litadzaza chimodzimodzi.

Malamulo a kayendedwe ka pamadzi alipo, ndipo ku Monkey Bay kuli sukulu yophunzitsa amalinyero. Koma lamulo lili m'buku, ndipo mwini bwato wa pa doko laling'ono saliwerenga. Mwala woimikidwa pa doko, wolembedwa tsiku ndi maina a anthu a m'mudzi momwemo, amauwerenga aliyense. Mayi amene akufuna kukweza ana ake m'bwato lodzaza kale, akaona dzina la azakhali ake pamwalapo, adzaima kaye. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma mwambiwu umagwira ntchito pokhapokha ngati chimene chinaona mnzakoyo chikukumbukika.

Dziko lino likudziwa kale kachitidwe kake. Chaka ndi chaka pa 3 March anthu amasonkhana ku Nkhata Bay kukumbukira amene anaomberedwa pa doko mu 1959, pamene abale awo anali atatsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Mwezi wa November uliwonse asilikali amaima chilili pa zipilala za ku Zomba ndi ku Lilongwe. Palibe amene amati miyambo imeneyi njowononga ndalama. Tsiku la 30 July nalonso lingathe kukhala ndi mwambo wake waung'ono pa gombe la Chitimba.

NTCHITO YA AKALALIKI NDI APHUNZITSI

Choyamba ndi kaundula. Dipatimenti ya Museums and Monuments, mothandizana ndi ma D.C. a maboma a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Likoma, Nkhotakota, Salima, Dedza mpaka ku Mangochi, ilembe manda, miyala ndi zikwangwani zonse zokumbukira omira, za pa matchalitchi, pa mizikiti ndi pa madoko. Chimene sichinalembedwe sichingatetezedwe. Kaundulayo akatha, zoyenera ziperekedwe kwa Nduna kuti zilengezedwe monga mwa lamulo.

Chachiwiri ndi maina. Mapepala a Boma la Nyasaland amasungidwa ku National Archives ku Zomba. Mamishoni a Livingstonia ndi Likoma anali ndi mabuku awo a akhristu. Mafumu ndi nkhalamba za m'midzi akudziwa amene anapita osabwerako. Ntchito imeneyi njofulumira. Mwana amene anali ndi zaka 10 pamene Vipya inamira anabadwa mu 1936, ndipo otsala a msinkhu umenewo ngowerengeka. Nkhalamba iliyonse imene ikuikidwa m'manda isanafunsidwe ikupita ndi maina amene sadzapezekanso.

Pamenepa ndi pamene mphunzitsi aposa wina aliyense. Mwana wa sukulu aliyense amadziwa kuti Livingstone anafika pa nyanjayi mu 1859. Si chinthu chovuta kumuphunzitsanso chimene chinachitika mu 1895 ndi mu 1946. Mphunzitsi wa m'mbali mwa nyanja atume ana ake kukafunsa agogo awo, alembe zimene amva m'kope limodzi, ndipo kope limenelo lipite kwa mlangizi wa sukulu ndi kwa D.C. Mphunzitsi wa mu Lilongwe nayenso asadzione ngati ali kutali. M'kalasi mwake muli ana a Atonga, Ankhonde, Ayao ndi a ku Likoma, amene makolo awo anabwera ndi ntchito pamene likulu linasamukira kuno mu 1975 kapena pambuyo pake. Ndipo sukulu zikamapita kukacheza ku Mangochi, aphunzitsi aimitse basi pa nsanja ija, ana atsike, awerenge okha zolembedwa pa chikumbutso cha Vipya asanathamangire kukasamba.

Chachitatu ndi chipilala cha ku Chitimba. Chisakhale chachikulu kapena chodula. Chikhale cha miyala ya komweko, chomangidwa ndi amisiri a komweko, pa malo amene mafumu ndi mipingo agwirizana, ndipo pakhale mpata woonjezera maina pamene akupezeka. Chikumbutso cha ku Mangochi chikhale pomwe chili, pakuti nacho chili ndi mbiri yake. Amalonda a mu Lilongwe amene kwawo ndi kunyanja, ndi mabungwe a anthu ochokera m'maboma amenewo amene amasonkhana m'ma Area Loweruka ndi Lamulungu, angathe kusonkha ndalama ya simenti popanda kudikira bajeti ya Boma. Maliro nkulirana.

Boma linachita mbali yake poika lamulo ndi kukhazikitsa Dipatimenti. Mpingo wa ku Nkhotakota unaonetsa kuti manda a munthu womira angasungike zaka zoposa 130 ngati pali owasamala. Chatsala ndi dzanja la wantchito amene adzatsegule failo ku Capital Hill, ndi la mphunzitsi amene adzapatse mwana kope ndi pensulo kuti akafunse agogo ake. Chaka cha 2046 chikamadzafika, mtundu wa a Malawi udzafunsidwa ngati ukudziwa amene anali m'sitima ya Vipya. Kudzakhala kwaulemu kuyankha ndi maina.